Kupangitsa zitsulo zochepa ku Corby mosaboola m'thumba

Anzanga a geni, nthawi zina timasowa kachitsulo kosapezeka m'shopu: bulaketi ya tenti yapamsika, shafti ya makina opera nyama, kapena sipeya ya chigayo yoti titumize kumudzi. Kwathu tikanangothamangira ku Ndirande, mmisiri n'kutipangira pompo. Kuno ukafunsa mtengo wa zidutswa 10 zokha, kotesheni imabwera yoti mutu uime.

Mwayi wake, Corby ndi tawuni ya zitsulo. Kampani ya Stewarts & Lloyds idamanga fakitale yayikulu kuno m'ma 1930. Ng'anjo zidazimitsidwa mu 1980, koma Tata Steel ikupangabe mapaipi mpaka lero. Mawokoshopu ang'onoang'ono muwafune m'madera a mafakitale monga Earlstrees, Willowbrook, Weldon ndi Oakley Hay. Mukalephera, yesani Kettering kapena Leicester.

Chinsinsi ndi ichi: chimene chimadula si chitsulo ayi, koma nthawi yotchera makina. Mmisiri ayenera kulemba pulogalamu ya CNC, kumanga zida ndi kuyesa kachidutswa koyamba, kaya mukufuna kamodzi kaya 100. Tingoyerekeza kuti kutcherako ndi £100 ndipo kachidutswa kalikonse ndi £3. Mukaoda 5, kamodzi kakudyerani £23. Mukaoda 50, kagwa pa £5. N'chifukwa chake muzifunsa mitengo itatu nthawi imodzi, ya 10, ya 25 ndi ya 50. Ngati mnzanu m'gulu muno akufuna zomwezo, phatikizani oda.

Chachiwiri, gogodani pakhomo loyenera. Chinthu chafulati, monga bulaketi, pitani nacho kwa odula ndi laser ndi kupinda, kumatchipa. Chozungulira, monga shafti, n'cha lathe. Felemu ndi ya owotcherera. Pa zidutswa ziwiri zitatu, mmisiri wa lathe yamanja nthawi zambiri amaposa CNC pa mtengo.

Musapite chimanjamanja. Tengani sampulo yakale, ngakhale yothyoka, ndi chojambula chokhala ndi miyeso m'mamilimita. A laser amakonda failo ya DXF, a CNC amakonda STEP. Failo ikakhalapo, ikwezeni pa Xometry kapena Fractory muone mtengo wa pa intaneti, kenako muyerekeze ndi wa pafupi.

Nenaninso ntchito ya chinthucho. Chokhudza chakudya chimafuna stainless ya 304. Felemu wamba, mild steel ndi yokwanira, koma pa nyundo za chigayo imatha msanga. Ndipo musaumirire kuti muyeso uliwonse ukhale ndendende. Onetsani malo okhawo ofunika, monga pokhala bering'i, kwinako asiyeni apepuse.

Musanapereke dipoziti, funsani izi: kodi VAT ya 20% ili kale mu mtengowo? Pali ndalama yoyambira imene salandira yochepera apo? Zitenga masabata angati? Mukawauza kuti simuli pachangu, ena amatsitsako poti amailowetsa ntchito yanu makina akapuma. Zonse zilembedwe pa imelo, ndipo muone kachidutswa koyamba asanapange zotsalazo.

Za kumudzi, werengerani kulemera kwake. Chitsulo cholemera chosafuna luso lapadera, ndalama yotumizira ikhoza kudya phindu lonse. Chotero bola kutumiza chojambula chokha, amisiri akwathu akapange konko.