Musafule Uci Wonse, Cisanu Ciri Pafupi

Tsopano mvula yatha ndipo tafika m'nyengo ya masika. Cimanga ciri kulowa m'nkhokwe, mtedza uli kukumbidwa, ndipo anthu amene ali ndi ming'oma ya njuci ayamba kale kutsuka ndowa zao kuti akafule uci. Nkhani ino talembera iwowo, pamodzi ndi onse a pabanja amene awathandiza pa nchitoyi.

Caka ndi caka, mwezi wa Ogasiti ukafika, m'midzi mumveka dandaulo limodzimodzi lakuti, "Njuci zanga zathawa." Munthu apita ku mng'oma umene unampatsa uci wodzaza ndowa mu Mei, naupeza uli zii, muli njenjete ndi akangaude okha. Ena anena kuti mnansi wanjiru wacita mankhwala, ena ati malowo ali ndi tsoka. Koma kawirikawiri cimene cathamangitsa njucizo ndi njala, ndipo njalayo anaiyamba ndi mwini mng'oma yemwe, tsiku lija anafula malesa onse osasiyako kanthu.

NJALA YA NJUCI IDZA IFE TITAKHUTA

Uci wambiri wa dziko lino ucokera ku mitengo ya m'nkhalango za miombo, ndipo mitengoyi icita maluwa pa nyengo ziwiri. Mombo ndi tsamba zicita maluwa nthawi ya dzuwa, kuyambira Sepitembala kufikira Novembala, ndipo uci wace tifula mu Novembala ndi Disembala. Mcenga ndi mtondo zicita maluwa dzinja liri kupita kumapeto, pamodzi ndi mpendadzuwa, cisoso, deliya ndi zitsamba zina za m'minda. Uci wace ndi uno wa masika, wa Mei ndi Juni.

Pakati pa nyengo ziwirizi pali miyezi ya Juni, Julai ndi Ogasiti, pamene udzu wauma, mitengo yambiri iri kuyoyola masamba, ndipo maluwa asowa. Ife anthu njala itibvuta mu Januwale ndi Febuluwale, koma njuci zisauka pamene nkhokwe zathu ziri zodzaza, ndipo ndico cifukwa cace mwini mng'oma saganizako.

Zaka zina uci wa masika ucepa ndithu. Duwa likhoza kuoneka bwino m'maso koma liribe timadzi totsekemera tija njuci zipangira uci, pakuti mtengo sungatulutse timadzito nthaka ikauma. Mu 2016 ndi mu 2024 mvula inadula cimanga cisanakhwime m'madera ambiri, ndipo mu 2024 Boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino agwa m'tsoka la cilala. Mvula yopitirira muyeso nayonso iononga, monga ija ya namondwe Freddy imene inagwa masiku angapo osalekeza m'cigawo ca kumwera mu 2023. Mvula yotere itsuka timadzi m'maluwa ndi kutsekera njuci m'nyumba. Ndiponso kumene anthu atha mitengo ndi kuocha makala ndi njerwa, maluwa acepa ngakhale caka ca mvula yabwino.

CIFUKWA CACE ZITHAWA

Ku maiko a ku Ulaya, kumene cisanu cikhala miyezi yambiri, njuci zidziunjika pamodzi m'kati mwa mng'oma ndi kudikira, ngakhale kufera momwemo. Njuci zathu za kuno ziri ndi mkhalidwe wina. Cakudya cikatha, manthu wao, amene ena amucha mfumukazi, aleka kuikira mazira. Zidikira kuti ana otsala atuluke m'malesa, ndipo tsiku lina khamu lonse linyamuka kukafuna kwina.

Cisanu cifulumizitsa njalayo. Ana a njuci afuna kufunda kwa madigiri 35 usana ndi usiku, ndipo njuci zazikulu ziwafunditsa ndi matupi ao. Kufundako kucokera ku uci umene zidya. Cotero uci kwa njuci ndiwo nsima ndiponso nkhuni. Ku Dedza, Ntchisi, Mzimba, pa Viphya ndi pa Nyika usiku wa Juni ndi Julai uzizira kwambiri, ndipo m'madambo ena cisanu ciocha ndi masamba a nthoci omwe. Ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre kudza ciperoni, mtambo ndi mvula yowaza imene inatenga dzina lace ku phiri la Chiperone ku Mozambique, ndipo cikhoza kukhala masiku atatu kapena kupitirira. Kukazizira pansi pa madigiri 13 njuci siziuluka kwenikweni, zingokhala ndi kudya za m'nkhokwe yao. Ku cigwa ca Shire ndi m'mbali mwa nyanja cisanu ncocepa, koma kumeneko cobvuta ndico kuuma kwa dziko.

TIYENI TIWERENGE MASIKU

Wina anganene kuti, "Zikathawa palibe kanthu, mu Okotobala zina zidzalowa." Inde zikhoza kulowa, koma tiyeni tiwerenge. Kucokera pa dzira kufikira njuci yotuluka m'lesa papita masiku ngati 20. Njuciyo igwira nchito za m'nyumba masabata atatu isanayambe kupita ku maluwa. Onse pamodzi ndi masabata 6. Tsono njuci imene idzatenga timadzi ta mombo pakati pa Sepitembala icokera ku dzira loikiridwa kuciyambi kwa Ogasiti, nthawi ya njala yeniyeni. Ndipo manthu saikira ngati m'nyumba mulibe cakudya.

Khamu lacilendo lolowa mu Okotobala lipeza nyumba yopanda malesa, ndipo liyenera kuyamba lamanga. Kuti njuci zipange kilogalamu imodzi ya phula zidya makilogalamu 6 kufikira 8 a uci. Pamene alendowo ali kumanga, maluwa ali kutha. Koma mng'oma umene njuci zace zinapirira cisanu uli ndi malesa kale ndi anchito ambiri, ndipo ndiwo udzaza ndowa mu Novembala. Palibe mlimi wanzeru amene akazinga mbeu yace yonse, ndipo malesa osiyidwa m'masika ndiwo mbeu ya uci wa Novembala.

ZIZINDIKIRO ZA NJALA

Musatsegule mng'oma kawirikawiri nthawi yozizira, pakuti ana azizidwa nafa. Zambiri mukhoza kuzidziwa muli kunja.

1. Nyamulani mng'oma pang'ono ca kumbuyo ndi dzanja limodzi. Wa uci ulemera, wanjala upepuka. Mukazolowera kutero mwezi ndi mwezi, dzanja lanu lidzakhala sikelo.

2. Imani pambali pa khomo dzuwa litakwera. Njuci zikamalowa ndi mungu ku miyendo, manthu ali kuikira. Zikamalowa imodziimodzi zopanda kanthu, zinthu siziri bwino.

3. Njuci zamphongo, zazikulu zija zosaluma, zikatayidwa pakhomo, cakudya cacepa, pakuti izo ndizo ziyamba kupitikitsidwa. Mukaona ndi mphutsi zoyera zomwe zatayidwa pansi, njala yafika poipa.

4. Njuci zikadzazana ku cigayo ndi pa mphasa zoyanikapo ufa ndi gaga, dziwani kuti kuchire kulibe mungu.

5. Mukaona ndeu pakhomo, njuci zikugwirana ndi kugwera pansi, ndiye kuti za mng'oma wina zadza kudzaba.

KAFULIDWE KA MASIKA

Fulani malesa okhawo amene njuci zamata ndi phula, pakuti uci wosamata uli ndi madzi ambiri ndipo sucedwa kusasa. Malesa a ana ndi a mungu musawakhudze konse. Pa malesa omata atatu ali onse siyani limodzi, makamaka aja ali pafupi ndi ana. Caka ca maluwa ocepa, mukapeza mng'oma uli wopepuka, bwererani kumudzi ndi ndowa yopanda kanthu. Nkwabwino kusowa ndalama za Juni koposa kutaya njuci pamodzi ndi ndalama za Novembala.

Nchitoyi njapafupi kwa amene ali ndi ming'oma yamakono ya timatabwa, imene inayambira ku Kenya m'zaka za m'ma 1970, pakuti atulutsa lesa limodzilimodzi naliona, nabwezera losayenera kufula. Inu amene muli ndi ming'oma ya khungwa kapena ya cipika, tsegulani kumbuyo kokha, dulani lesa limodzilimodzi, ndipo mukafika pa lesa la mungu lekerani pomwepo. Muuni wa udzu uocha mapiko a njuci ndi kupha manthu amene. Fukizani utsi wa ndowe zouma kapena wa zitsononkho, ndipo fulumirani kutseka mphepo ya madzulo isanayambe.

KUDYETSA NJUCI ZANJALA

Mng'oma wopepuka umene ukali ndi manthu ndi ana ukhoza kupulumuka ndi shuga. Sungunulani makapu awiri a shuga woyera mu kapu imodzi ya madzi owiritsa, ndipo dikirani kuti azizire. Thirani m'mbale yosazama, ikanimo timitengo kapena udzu kuti njuci zisamire, ndipo lowetsani mbaleyo m'kati mwa mng'oma ca kumbuyo, madzulo njuci zitaleka kuuluka. Musaike panja ndipo musadonthetse pansi, pakuti madzi a shuga aitana nyerere ndi njuci zakuba. Patsani wokwanira masiku awiri kapena atatu, cifukwa wokhalitsa asasa ndi kudwalitsa njuci.

Kuyambira kumapeto kwa Julai sinthani muyeso, kapu imodzi ya shuga ku kapu imodzi ya madzi. Madzi opepukawa afanana ndi timadzi ta m'maluwa, ndipo alimbikitsa manthu kuikira. Maluwa akayamba lekani kudyetsa, pakuti shuga wolowa m'malesa sali uci iai, ndipo munthu wogulitsa uci wotero aononga mbiri ya mudzi wonse kwa ogula.

Kumene mungu wasowa, ikani ufa wa soya wokazinga kapena wa cinangwa pa licero, pamthunzi pouma pafupi ndi ming'oma. Kumbukirani kuti shuga ngwa ndalama. Amene anasiya malesa pofula sadzalowa m'sitolo.

Musaiwale madzi. Njuci zosowa madzi zipita ku mjigo ndi ku citsime, ndipo amai otunga akalumidwa mlandu ufika kwa amfumu. Ikani beseni kapena phale pamthunzi pafupi ndi ming'oma, muikemo miyala yoti njuci zitereko, ndipo mwana azithiramo madzi m'mawa uli wonse. Yambani msanga, zisanazolowere njira ya ku mjigo.

KONZANI NYUMBA YAO

Matani ming'alu yonse ndi dothi losakaniza ndi ndowe, kuti mphepo ndi adani asalowe. Cepetsani khomo, musiye mabowo awiri kapena atatu olowa cala cacing'ono, pakuti khamu locepa silingathe kulonda khomo lalikulu. Khomolo lisayang'ane kumene kucokera mwera. Folerani udzu pamwamba pa cibvundikiro ca lata. Udzuwo ufunditsa mng'oma mu Julai ndi kuuchinga dzuwa la Okotobala.

Malesa abwino amene njuci zikhalapo asiyeni. Koma akale akuda, opanda kanthu, amene njuci sizifikako, acotseni, pakuti njenjete iswana m'menemo. Asungunuleni, phula lace ligulitsidwa. Mu mng'oma wa timatabwa imikani thabwa kapena katoni kuseri kwa lesa lomariza, kuti njuci zikhale ndi cipinda cacing'ono cosabvuta kufunditsa.

Linthumbu likhoza kutha mng'oma usiku umodzi. Pakani girizi pa waya wopacikira, dulani udzu ndi nthambi zokhudza mng'oma, ndipo wazani phulusa patsinde pa mizati. Ciuli nayenso abvuta. Pacikani mng'oma pa waya kuti uzilendewera, pamtunda posacepera pacifuwa ca munthu wamkulu, ndipo mangani cibvundikiro ndi waya.

Mdani womariza ndiye moto wa kuchire. Juni asanathe lambulani udzu mamita atatu kuzungulira mtengo uli wonse wa mng'oma. Amfumu ndi a komiti ya nkhalango ya m'mudzi acenjeze anyamata osaka mbewa. Lamulo la Nkhalango la 1997 liletsa kudula mitengo ndi kuyatsa moto m'nkhalango za Boma popanda cilolezo, ndipo lamulo limeneli lithandiza eni njuci koposa ena onse.

BZALANI MALUWA A CISANU

Kuti njalayi icepe zaka zirinkudza, sungani ndi kubzala mitengo yocita maluwa pamene kuchire kulibe. Nsangu icita masamba ndi maluwa mvula itatha, ndipo ikometsanso nthaka ya cimanga. Bulugama ndi nandolo zipatsa njuci cakudya m'miyezi yozizira. Mango, mapeyala ndi malalanje ziyamba maluwa ca mu Julai ndi Ogasiti, nthawi yomwe manthu afuna kuikira. Kudimba siyani mizere ina ya mpiru icite maluwa, ndipo ngati mupopera mankhwala poperani madzulo njuci zitabwerera kwao.

Sabata ino pitani ku ming'oma yanu, nyamulani umodziumodzi, ndipo mudziwe wolemera ndi wopepuka musanatenge mpeni. Amene muli m'kalabu yenderani pamodzi, sonkhani za shuga ndi girizi, ndipo gawanani masiku olambula. Cimene simunamvetse pa nkhani ino kafunseni Mlangizi wa Zaulimi kapena wa Zankhalango wa dera lanu. Akulu anati safunsa anadya phula.