KUSUNGA NDIWO M'MATUMBA A MU FIRIZA



Mvula ikagwa bwino, ndiwo zimaculuka m'miyezi ya January, February ndi March. Cibwabwa cimayanga munda wonse, bondwe amamera yekha kuseri kwa nyumba, ndipo zambiri zimakalambira m'munda osadyedwa. Koma pofika October, madimba atauma, kamulu kakang'ono ka masamba timakagula ndi ndalama zambiri. Makolo anati, papsa tonola sudziwa mtima wa moto.

Caka ca 2024 cinatiphunzitsa zimenezi. Pa 29 February caka cimeneco President Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse, ndipo mahekitala a cimanga okwana pafupifupi 1 miliyoni anapserera. Akuluakulu anakumbukira cilala ca 1992. Madzi a ku Kariba anatsika kwambiri, kotero kuti m'miyezi ina magetsi anali kuzima maola 21 pa tsiku, ndipo mabanja ambiri a m'matauni anataya cakudya cimene anadalira kuti ciri bwino m'firiza.

Talemba pepala lino kuti tithandizane kusunga ndiwo za kunyumba m'matumba a pulasitiki a mu firiza. Ngati mulibe firiji, musaleke kuwerenga; cigawo cotsiriza ndi canu.

KODI KUZIZIRA KUMACITA CIANI?

Mfundo yaikulu ndi iyi: firiza siipha tizirombo, ndipo siikonza cakudya cimene cayamba kuonongeka. Imangociimitsa pamene cinali.

Zinthu zoononga cakudya ziripo zitatu.

Coyamba ndi tizirombo tosaoneka ndi maso. Timaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo pamalo ofunda tina timawirikiza kawiri pa mphindi 20 zokha. Kuzizira kukafika madigiri 18 pansi pa ziro (-18°C) timaleka kuswana, koma tambiri sitifa. Timagona monga finye amene amadzikwirira m'dothi m'cilimwe, n'kutuluka mvula ikagwa. Cakudya cikasungunuka, timadzuka.

Caciwiri ciri m'tsamba lenilenilo. Tsamba likathyoledwa limapitiriza kukhwima, kusintha mtundu ndi kutaya kukoma. Kuzizira kumacedwetsa zimenezi koma sikuziletsa. Cimene cimaziletsa ndi madzi owira.

Cacitatu ndi mpweya. Mpweya wotsala m'thumba umaumitsa cakudya, n'kusiya mawanga otuwa, ndipo umanunkhitsa mafuta a nyama ndi a nsomba.

THUMBA LOYENERA

Gulani matumba okhuthala amene analembedwa kuti ndi a cakudya ca mu firiza. Ena ali ndi kamzere kotsekera pakamwa, ena amamangidwa ndi kawaya. Mapulasitiki opyapyala a buledi ndi onyamulira katundu ku msika amalowetsa mpweya, amang'ambika akauma, ndipo ambiri sanapangidwire cakudya. Thumba limene munali feteleza kapena mankhwala a m'munda lisayandikire cakudya ngakhale mutalitsuka.

Thumba limene munali masamba kapena zipatso mungalitsuke ndi sopo, kuliyanika cozondotsa ndi kuligwiritsanso nchito. Limene munali nyama kapena nsomba yaiwisi litayeni.

KUKONZA NDIWO ZA MASAMBA

Amai amene amadziwa kufutsa masamba adziwa kale theka la nchito iyi, pakuti ciyambi cake ndi cimodzi.

1. Thyolani masamba anthete m'mawa ndi kuwakonza tsiku lomwelo. Sadzulani, tsukani bwino kucotsa mcenga, ndipo dulani monga mumadulira pophika.

2. Wiritsani madzi ambiri mu poto wamkulu, malita 4 kapena kuposa pa theka la kilo ya ndiwo. Musaikemo soda kapena cidulo.

3. Ikani ndiwo m'madzi owirawo, ndipo yambani kuwerenga nthawi pamene madzi ayambanso kuwira. Cibwabwa, bondwe, khwanya ndi kholowa: mphindi 2. Repu wa masamba okhuthala: mphindi 3. Zitheba: mphindi 3. Therere lobala: mphindi 3, likakhala lalikulu 4. Dowe: mphindi 4, kenaka muzidula njere zake kucotsa pa citsononkho.

4. Vuulani ndi kuziika msanga m'madzi ozizira kwa nthawi yofanana ndi imene zinakhala pamoto. Madzi amenewa akhale abwino, owiritsa kale kapena othira kolorini. Kumbukirani kolera imene inabuka mu Lusaka mu October 2023; kuzizira kwa mu firiza sikuyeretsa madzi oipa.

5. Finyani madzi onse. Ikani m'thumba lirilonse ndiwo zokwanira kudya kamodzi pa banja lanu, kuti musadzasungunule zambiri kuposa zofunika.

6. Cotsani mpweya. Njira yapafupi ndi kumiza thumba pang'onopang'ono m'beseni la madzi, kukamwa kuli pamwamba. Madzi amakankha mpweya wonse, ndipo mumatseka thumba lisanamire.

7. Phwatalitsani thumba kuti likhale locindikala ngati zala ziwiri. Thumba lophwatalala limauma msanga, limasungunuka msanga, ndipo silidya malo.

8. Lembani pa thumba dzina la ndiwo ndi tsiku. Masamba akauma amafanana onse.

Anyezi woduladula ndi mango osenda safuna kuwiritsa, ingoikani m'thumba. Matimati akachipa pa msika, aphikeni mpaka madzi atacepa, aziziritseni ndi kuwagawa m'timatumba. Koma nkhaka, kabichi yaiwisi ndi mbatatesi yaiwisi zimafewa n'kucuca madzi zikasungunuka, ndipo mazira a m'cikamba amasweka.

CAKUDYA COPHIKA KALE

Kayera amadya makala ambiri. Kuphika mphika umodzi waukulu n'kugawa m'matumba anai kapena asanu kumapulumutsa makala ndi nthawi. Cimodzimodzi nyama ya msuzi ndi maungu.

Ngozi yake iri pa kuziziritsa. Cakudya cophika cisakhale panja kupitirira maola awiri. Mphika waukulu umasunga kutentha pakati pake kwa nthawi yaitali, ndipo tizirombo timaswana mmenemo. Cifukwa cace gawani cakudya m'mbale zosaya, kapena khazikani poto m'beseni la madzi ozizira ndi kumavundula. Musathire cakudya cotentha m'thumba, ndipo musaciike cotentha mu firiza, cifukwa cimasungunula zimene zirimo kale.

Pa cakudya ca msuzi siyani malo pang'ono pamwamba. Madzi akaundana amafufuma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo thumba lodzaza kwambiri limaphulika.

Ngati mumakonda ndiwo zotendera, sungani masamba okha, ndipo nsinjiro mudzathire tsiku lophika. Nyama yaiwisi ikhale pansi, yotsekedwa bwino, kuti madzi ake asadonthere pa zakudya zina. Matumba atsopano ayaleni motalikirana pafupi ndi makoma a firiza. Akauma gwa ndiye muwasanjike.

KODI ZIMAKHALA NTHAWI YOTANI?

Ngati firiza ikhala pa -18°C osasintha, cakudya cimasunga kukoma kwake motere:

Masamba owiritsa pang'ono: miyezi 8 mpaka 12.
Cakudya cophika, monga kayera ndi msuzi: miyezi 2 mpaka 3.
Nyama yaiwisi ya nthuli: miyezi 4 mpaka 12.
Nyama yogaya: miyezi 3 mpaka 4.
Nsomba za mafuta: miyezi 2 mpaka 3.

Si firiji iriyonse imene imafika pamenepo. Yang'anani pa citseko ca kacipinda koumitsira. Mafiriji ambiri ali ndi tinyenyezi. Nyenyezi imodzi ndi -6°C, ndipo cakudya cimakhala mlungu umodzi. Nyenyezi ziwiri ndi -12°C, pafupifupi mwezi umodzi. Nyenyezi zitatu ndi -18°C. Nyenyezi zinai zitanthauza kuti firizayo ingathe kuumitsa cakudya caciwisi. Kumene magetsi amazima kawirikawiri, musadalire miyezi yonse yalembedwa apa. Yambani kudya zakale, zatsopano zibwere pambuyo.

MAGETSI AKAZIMA

Musatsegule citseko. Firiza yodzaza ikakhala yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola 48, ndipo ya theka maola 24. Mbali ya firiji yosaumitsa imasunga maola 4 okha. Uzani ana zimenezi.

Malo opanda kanthu adzazeni ndi mabotolo a pulasitiki a madzi, osadzaza mpaka pakamwa. Akaundana amathandiza kusunga kuzizira. Mungafunditsenso firiza bulangeti, koma mulicotse magetsi akabwera kuti makina asatenthe.

Nthawi zina magetsi amazima inu muli ku ulendo, cakudya n'kusungunuka n'kuumanso inu osadziwa. Kuti mudziwe, thirani madzi theka m'kabotolo, kagonekeni mu firiza mpaka madzi ataundana, kenaka kaimikeni. Mukadzapeza ayezi ali pansi pa botolo, dziwani kuti zonse zinasungunuka.

Magetsi akabwera, gwirani thumba lirilonse ndi kuweruza motere:

1. Ngati likali lolimba kapena muli ayezi mkati, lingaumitsidwenso.

2. Ngati lasungunuka koma likali lozizira kwambiri monga za mu firiji, phikani ndi kudya tsiku lomwelo.

3. Ngati nyama, nsomba kapena cakudya cophika cafunda kwa maola oposa awiri, citayeni. Musacilawe.

Tidziwa kuti lamulo lacitatu ndi lowawa pa nyumba imene yaona njala. Koma mphuno siinena zonse. Cakudya cingathe kununkhira bwino koma ciri ndi tizirombo, ndipo poizoni amene tizirombo tina timasiya satha ngakhale mutawiritsa. Amene amayamba kugwa ndi kutsegula m'mimba ndi ana aang'ono, okalamba, amai apakati ndi odwala. Mtengo wa nkhuku imodzi sungafanane ndi moyo wa mwana.

Ngati magetsi ayamba kubwera maola ocepa okha pa tsiku, monga zinaliri mu 2024, firiza siingathe kuumitsa cakudya catsopano. Lekani kuonjezamo. Idyani zimene zirimo, kuyambira nsomba ndi nyama. Nyama yotsala iduleni mizongo, ithireni mcere ndi kuiwamba isanafunde.

POFUNA KUDYA

Masamba safuna kusungunula. Atulutseni m'thumba ndi kuwaika mu poto mmene muli kale matimati ndi anyezi. Amapsa msanga kuposa aciwisi cifukwa analawa kale moto.

Nyama ndi cakudya cophika zisungunukire mu firiji usiku wonse. Ngati mwafulumira, mizani thumba lotseka m'madzi ozizira ndi kusintha madziwo pa mphindi 30 zirizonse, ndipo muphike nthawi yomweyo. Musaziike pa dzuwa kapena kuzisiya pa tebulo tsiku lonse. Cakudya cophika kale citenthetseni mpaka ciwire ponseponse, osati kungofunditsa.

KWA AMENE ALIBE FIRIJI

Mfutso safuna magetsi. Wiritsani masamba pang'ono monga tafotokozera, ayanikeni pa mphasa yoyera kapena licero pa thandala, pamene mbuzi ndi nkhuku sizifika. Pamthunzi podutsa mphepo masamba amasunga mtundu wao ndi zofunika m'thupi kuposa pa dzuwa lowala. Aume mpaka aziphwanyika m'manja.

Makolo anali kukulunga mfutso m'zikwatu za masamba a msuku ndi kuzipacika kudenga. Thumba la mu firiza lingagwire nchito yomweyo, ndipo limatsekereza cinyezi ndi tizirombo touluka. Koma mfutso uyenera kuuma kotheratu. Mukaona mame mkati mwa thumba tsiku lotsatira, tsegulani ndi kuyanikanso, kuopa cuku. Matumbawo asungeni m'cidebe cotseka, pamdima, makoswe asawaboole.

Ngakhale inu amene muli ndi firiza tikulangizani kuti ndiwo zanu muzigawe pawiri: zina m'firiza, zina zofutsa. Magetsi akakhalapo mudzadya masamba obiriwira mu October. Akasowa, mfutso udzakhala ulipo.

Ndipo amene muli ndi firiza yaikulu yosadzaza, patsani mnansi wanu malo, aliyense alembe dzina lake pa matumba ake. Mwaona kale kuti firiza yodzaza ndiyo imapirira magetsi akazima, kotero kuti nonse awiri mudzapindula.

Mukatha kuwerenga pepala lino, liwerengereni amene satha kuwerenga, ndipo mulipereke kwa banja lina mvula isanathe.