N'chifukwa chiyani matimati safiira nthawi yotentha?

Inu amene mumalima matimati kudimba kuno ku Molumbo, mwina munazionapo izi. Mu Juni ndi Julayi matimati amapsa ofiira psuu. Koma ikafika Okutobala, ambiri amathera pa chikasu. Pamsika ogula amawadutsa, kapena amanenerera mtengo mpaka inu kugulitsa moluza. Ena amati mbewu ndi yoipa, koma nthawi zambiri vuto ndi kutentha.

M'kati mwa matimati muli tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa maenzaimu, pa Chipwitikizi enzimas. Ntchito yawo mumaidziwa kale. Chimera chimatsekemeretsa thobwa chifukwa muli maenzaimu amene amasandutsa phala kukhala lozuna. M'matimati muli maenzaimu ena, opanga utoto.

Matimati akakhwima amatulutsa mpweya wotchedwa etileno. Mpweyawu ndi umene umayambitsa kupsa. Kubiriwira kumayamba kutha, ndipo maenzaimu amayamba ntchito mopatsirana. Woyamba amapanga chinthu chopanda mtundu. Otsatira amachisintha pang'onopang'ono mpaka chisanduke utoto wofiira wotchedwa licopeno. Utoto womwewu ndi umene umafiiritsa mavwende m'kati.

Ntchitoyi imayenda bwino pakakhala kutentha kwa madigiri 20 mpaka 25. Kukapitirira madigiri 30, utoto wofiira umasiya kupangika bwino. Utoto wachikasu ndi umene umatsala n'kumaonekera. Choncho kuyanika matimati padzuwa kuti afiire msanga n'kudzipweteka nokha.

Nanga mungatani? Thyolani matimati akangoyamba kusintha mtundu kunsi kwake. Akafika pamenepa amapsa okha ngakhale achoke pamtengo, ndipo safuna dzuwa. Aikeni m'dengu pamthunzi podutsa mphepo, osati pafupi ndi denga lamalata. Mukafuna kuti apse msanga, ikanimo nthochi yakupsa n'kuvundikira ndi nsalu, chifukwa nthochi nayo imatulutsa etileno. Matimati othyoledwa ali anthete, asanakhwime, sangapse bwino.

Musangokhulupirira zimene mwawerengazi, yesani nokha. Tengani matimati 10 ofanana. Ikani 5 padzuwa, 5 pamthunzi. Tsiku lililonse lembani m'kope deti ndi mtundu umene mwaona. Pakatha sabata, bweretsani kopelo kusukulu ya kwacha muwerengere anzanu. Amene sanayambe kulemba ziganizo angalembe mawu atatu okha: biriwiri, chikasu, psuu.