Kodi dziko lipitirize kulandira obwera ndi miyambo yawo?

Chidule cha khutuba ya Jumu'ah

Pali funso limene likugawanitsa anthu m'maiko ambiri. Kodi dziko lipitirize kutsekulira khomo anthu obwera, n'kuwalola kusunga zilankhulo, zipembedzo ndi miyambo yawo, kapena litseke khomo kuti eni nthaka apume? Dziko la Canada lidakhazikitsa mfundo yolemekeza zikhalidwe zosiyanasiyana mu 1971, koma mu 2024 lidalengeza kuti lichepetsa chiwerengero cha anthu olowa. Ku Germany, Angela Merkel adanena mu 2010 kuti mfundo yotereyi yalephera. Ife a m'mbali mwa nyanja funsoli likutikhudza pawiri, pakuti timalandira alendo, komanso ana athu ndi alendo kwa eni ake.

Tiyambe ndi mbiri ya chipembedzo chathu. Cha m'ma 615, Asilamu atazunzika ku Makka, Mtumiki adawalangiza kuti athawire ku Habasha, kumene lero kuli Ethiopia ndi Eritrea. Mfumu ya kumeneko, Najashi, idali ya Chikhristu. Akuraishi adatumiza nthumwi ndi mphatso kuti othawawo abwezedwe, koma mfumuyo itamva mawu a Ja'far bin Abi Talib idakana kuwapereka. Mu 622 Mtumiki mwini wake adasamukira ku Madina, ndipo kalendala yathu imawerengedwa kuchokera pa msamuko umenewo. Choncho Msilamu amene amanyoza wothawa kwawo aziyamba wakumbukira kuti maswahaba oyambirira adali othawa kwawo.

Ku Madina kudachitika zinthu ziwiri zotiphunzitsa. Choyamba, Mtumiki adalumikiza obwera ndi eni mudzi pa ubale. Sa'd bin Rabi' adafuna kugawira Abdurrahman bin Auf theka la chuma chake, koma Abdurrahman adathokoza n'kupempha kuti angomusonyeza njira ya kumsika. Mwini mudzi adatambasula dzanja, mlendo adasankha kudya thukuta lake. Chachiwiri, padalembedwa pangano lakuti Ayuda asunge chipembedzo chawo, Asilamu asunge chawo, koma onse atetezere mzinda pamodzi ndi kuweruzidwa mwachilungamo. Apa tikuona kuti kusiyana miyambo kumatheka pokhapokha pali lamulo limodzi lomanga onse. Nayonso Surah Al-Hujurat, ndime 13, ikutiphunzitsa kuti kusiyana mitundu kudaikidwa kuti anthu adziwane, ndi kuti ulemerero wa munthu uli pa kuopa Allah.

Tsopano tione kwathu kuno. Ndani mwa ife amene makolo ake sadachokere kwina? Angoni adawoloka Zambezi mu 1835. Ayao ambiri adafika kuno m'zaka za m'ma 1800 kuchokera kum'mawa kwa nyanja, ndipo Alhomwe adabwera pambuyo pake kuchokera ku Mozambique komweko. Pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, dziko lathu losaukali lidasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi, ndipo mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 ambiri adabwerera kwawo. Makolo athu ankati mlendo ndi mame, ndipo adagawana nawo minda, nkhuni ndi zitsime.

Komabe sitikubisa kuti kulandira alendo kuli ndi mtolo wake. Kampu ya Dzaleka ku Dowa, imene kale idali ndende, idatsekulidwa mu 1994 kuti isunge anthu pafupifupi 12,000, koma pofika 2023 idali ndi anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Amalonda ang'onoang'ono a m'matauni adadandaula kuti obwera akuwalanda msika, ndipo mu Meyi 2023 boma lidagwira othawa kwawo amene ankakhala m'matauni n'kuwabwezera ku Dzaleka. Mu Okutobala 2022 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mudapezeka mitembo ya anthu pafupifupi 30 ochokera ku Ethiopia, zomwe zidaonetsa nkhanza za anthu ozembetsa anzawo. Madandaulo a eni nthaka ngoyenera kuwamvera, ndipo boma lili ndi udindo wodziwa amene akulowa m'malire ake.

Koma tisanaweruze, titembenuze nkhope kuyang'ana ku Joni. Ndi mabanja angati ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota amene malata a nyumba zawo, fizi ya ana ndi feteleza zimachokera kwa mwana amene ali ku South Africa? Mu Meyi 2008 anthu oposa 60 adaphedwa kumeneko pa zipolowe zodana ndi obwera. Mu 2015 zipolowe zina zidabuka ku Durban, ndipo boma lathu lidatumiza mabasi kukatenga anthu athu, ambiri mwa iwo a ku Mangochi. Mawu amene ana athu amanenedwa kumeneko, akuti akulanda ntchito ndi malonda, ndi omwewo amene ife timanenera Mburundi wa pagolosale. Sitingapemphere kuti mwana wathu alandiridwe ku Durban pamene ife tikupirikitsa mwana wa mnzathu pamsika wa kwathu.

Yankho lathu tsono ndi ili: dziko lipitirize kulandira obwera ndi kulemekeza miyambo yawo, koma mwadongosolo. Boma lilembe aliyense wolowa, lilange ozembetsa anthu ndi olandira ziphuphu pazipata, ndipo liganizire zolola wothawa kwawo wovomerezeka kugwira ntchito ndi kukhoma msonkho, pakuti munthu wotsekeredwa zaka makumi awiri akudikira thandizo sapindulira aliyense. Mlendo naye alemekeze malamulo ndi mafumu, aphunzire chilankhulo cha eni mudzi, ndipo asabweretse kuno mikangano ya kwawo. Kwa achinyamata athu ofuna kupita ku Joni tikuti: tengani pasipoti ndi zikalata zoyenera, musadzipereke m'manja mwa ozembetsa, ndipo mukafika kumeneko khalani okhulupirika.

Ife eni mudzi tiyambire pa mzikiti. Pa swala timaima phewa ndi phewa, Myao, Mchewa, Msomali ndi Mmwenye, monga momwe Bilal wa ku Habasha ndi Salman wa ku Persia adaimira pamodzi ndi Aarabu. Mzere umenewu usathere pakhomo la mzikiti. Ngati pali chigawenga, chikhale mbadwa kapena mlendo, tichipereke kwa apolisi, ndipo tisaotche nyumba kapena kulanda katundu wa munthu chifukwa cha mtundu wake.

Tikupempha Allah kuti ateteze ana athu amene ali kunja, abwezeretse mtendere m'maiko a othawa nkhondo, ndipo atipatse mitima ya Answari. Amin.