Musadye mpamba poyesa phindu

Amalonda ambiri akawerenga ndalama madzulo n'kupeza kuti zaposa zomwe anapikulira katundu, amagona mtima uli m'malo. Komatu geni zambiri zimafa eni ake akukhulupirira kuti akupindula.

Tiyerekeze kuti mwapikula dengu la matimati ku Lizulu pa K30,000. Minibasi yadya K5,000, wonyamula K1,000, chiphaso cha msika ndi chakudya cha masana K2,000. Dengulo lakutherani K38,000, osati K30,000 ayi. Matimati ena aphwanyika m'njira, ena mwapereka banyira. Pomaliza mwatolera K40,000. Phindu lanu ndi K2,000 basi. Koma poti m'mutu mukuwerengera K10,000, mutapa yonseyo n'kukagula ndiwo ndi makala. Apo mwadya K8,000 ya mpamba osadziwa, ndipo ulendo wotsatira mudzabwera ndi dengu losadzaza.

Palinso msampha wina. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, omwe anapitiriza kugulitsa shuga, sopo ndi mafuta ophikira pa mtengo wakale anamaliza katundu msanga, koma atafika kooda anapeza kuti ndalamazo sizikukwanira kudzazanso okala. Choncho mtengo wa lero uzichokera pa zomwe mudzalipire mawa pokapikula, osati zomwe munalipira dzulo. Imbirani kaye foni komwe mumaoda musanaike milu pa benchi.

Kukhala bwana wa bizinesi sikulira digiri. Kumayambira pa kope la sukulu ndi cholembera. Tsiku lililonse lembani zomwe zalowa, zomwe zatuluka, zomwe zawonongeka, ndi omwe atenga pa ngongole. Inde, ngakhale alamu anu alembedwe, chifukwa ngongole ya pachibale ndiyo imaiwalika msanga. Inunso dziikireni malipiro a pa sabata ngati wantchito, ndipo akatha athe. Mpamba uzikhala pawokha, kaya ku Airtel Money kaya ku TNM Mpamba, koma ndalama zomwe amadula potapa muziziika pa zowonongedwa.

Kope lomweli ndi lomwe lingakuloleni kusiya mwana kapena wantchito pa benchi inu mutapita kumaliro. Muwerengere limodzi katundu pochoka, muwerengenso pobwera. Popanda zimenezi mudzangokhalira kuganizirana zakuba.

Maphunziro a kayendetsedwe ka bizinesi alipo, ndipo boma linakhazikitsa bungwe la ntchito yothandiza amalonda ang'onoang'ono ndi apakati. Kuwona kwanga, amapindula kwambiri ndi amene amapita kumeneko ali kale ndi manambala a geni yawo. Chimodzimodzinso ngongole, kaya ya banki m'khonde kaya ya bungwe lobwereketsa ndalama: musaisainire kope lisanakwane miyezi itatu. Ngati phindu la pamwezi lomwe lalembedwamo silikufika pa ndalama yobweza pamwezi, ngongoleyo idikire kaye.