Pakati pa gogoda ndi nsapato zamasewera: zomwe amayi apantchito angavale

BLANTYRE – Kwa amayi ambiri ogwira ntchito m'mizinda ya Blantyre, Lusaka, Harare ndi Tete, tsiku limayamba ndi ulendo wapansi: kuchoka kunyumba kupita pa siteji ya minibasi, kenaka kuchoka pa depoti kukafika kuntchito, nthawi zina m'misewu yafumbi kapena yokumbika. Ena amathana ndi vutoli pokhala ndi nsapato za mitundu iwiri, zamasewera zoyendera panjira ndi za gogoda zomwe amazisunga m'chikwama kapena pansi pa tebulo la mu ofesi.

Nsapato zamasewera, zomwe ambiri amazitchula kuti sneakers ndipo ku South Africa amati tekkies, n'zofewa kuphazi, koma m'mabanki, m'makhoti, m'mahotela ngakhalenso pa maukwati siziloledwa kapena siziyenera. Za gogoda zimalandiridwa m'malo onsewa, koma mtengo wake amalipira ndi mapazi, mawondo ndi msana. Pakati pa ziwirizi pali mitundu ina ya nsapato yooneka bwino komanso yosapweteka, ndipo chomwe chimaisiyanitsa si dzina la kampani kapena kukwera mtengo, koma kapangidwe kake.

Zomwe phazi limafuna

Phazi la munthu lili ndi mafupa 26 ndi malo 33 olumikizirana mafupa. Munthu akaima wopanda nsapato, kulemera kwa thupi kumagawika pakati pa chidendene ndi kutsogolo kwa phazi. Chidendene chikakwezedwa, kulemerako kumatsetserekera kutsogolo, pa timafupa ting'onoting'ono tomwe tili kuseri kwa zala. Ngati nsapatoyo ndi yosongoka, zala zimapanikizana ndipo chala chachikulu chimakankhidwira mkati.

Zotsatira zake ndi matuza, khungu lokhakhala pa zala, kuwawa kwa mawondo ndi msana, komanso kubinya mwendo. Kafukufuku wasonyeza kuti mwa amayi amene avala gogoda kwa zaka zambiri, minofu ya akatumba imafupika, n'chifukwa chake ena amamva ululu akavala nsapato zafulati. Vuto la kutupa ndi kupindika kwa fupa la pa tsinde la chala chachikulu limapezeka kwambiri mwa amayi kuposa abambo. Nthawi zambiri ndi lakumtundu, koma nsapato zothina zimalikulitsa.

Izi sizikutanthauza kuti nsapato iliyonse yafulati ndi yabwino. Yomwe soli yake ndi yopyapyala ngati pepala imasiya phazi likumenyana ndi simenti tsiku lonse, ndipo imatha kuyambitsa ululu wa pansi pa chidendene umene umamveka kwambiri munthu akangodzuka m'mawa. Patapata nayenso amakakamiza zala kuti zizikanirira pofuna kuti asavuke.

Nkhani yomwe inafika ku nyumba za malamulo

M'mayiko ena, nsapato za amayi zinasanduka nkhani ya ufulu wa ogwira ntchito. Mu Disembala 2015, mayi wina wa ku London, Nicola Thorp, anabwezedwa kunyumba osalipidwa pa tsiku lake loyamba pantchito yolandira alendo chifukwa anakana kuvala nsapato za chidendene cha masentimita 5 mpaka 10. Chikalata chake chodandaula chinasainidwa ndi anthu oposa 150,000, ndipo aphungu a nyumba ya malamulo ya Britain anakambirana nkhaniyi mu Malichi 2017, ngakhale boma silinasinthe lamulo.

M'chaka chomwecho cha 2017, chigawo cha British Columbia ku Canada chinaletsa olemba ntchito kukakamiza amayi kuvala gogoda, ndipo dziko la Philippines linachitanso chimodzimodzi pofuna kuteteza amene amagwira ntchito choimirira, monga ogulitsa m'masitolo. Ku Japan, Yumi Ishikawa anayambitsa kampeni ya #KuToo mu 2019. Dzinali linachokera ku mawu awiri a Chijapanizi omveka mofanana, limodzi lotanthauza nsapato, lina ululu. Mu 2020, kampani ya ndege ya Japan Airlines inafewetsa malamulo ake n'kulola amayi ogwira ntchito m'ndege kuvala nsapato zosakwera.

Mitundu yoyenera kuiganizira

Mtundu woyamba ndi nsapato zachikopa zongolowetsa phazi, zopanda zingwe, zodziwika kuti loafers. Zinatchuka ku America mu 1936 pamene kampani ya G.H. Bass inatulutsa zotchedwa Weejuns potengera nsapato za ku Norway, ndipo mu 1953 kampani ya Gucci ya ku Italy inaziika kachitsulo pamwamba n'kuzilowetsa m'gulu la zovala zapamwamba. Zimakuta phazi lonse, chidendene chake n'chachifupi komanso chotakata, ndipo zimayenera ndi thalauzi, siketi ngakhalenso suti. Kwa mphunzitsi kapena wogwira ntchito mu banki amene amaima maola ambiri, mtunduwu ndi umene umayandikira kwambiri kufewa kwa nsapato zamasewera.

Mtundu wachiwiri ndi nsapato zafulati zotengera za ovina gule wa ballet. Mu 1956, Rose Repetto wa ku Paris anasokera katswiri wa mafilimu Brigitte Bardot nsapato zotere, ndipo kuyambira pamenepo sizinachokenso m'masitolo. N'zopepuka ndipo zimagwirizana ndi diresi kapena chovala cha chitenje. Vuto lake n'lakuti zambiri zotchipa zilibe chochirikiza phazi. Yabwino ndi yomwe soli yake ndi yochindikala pang'ono, mkati mwake muli kofewa, ndipo siipindika pakati ngati chikwama cha ndalama. Zokhala ndi kalamba kodutsa pamwamba pa phazi, zotchedwa Mary Jane, zimaposa zinzake chifukwa phazi silivutika kuzigwira.

Kwa mayi amene akufuna kutalikirako pang'ono, pali nsapato za chidendene chachifupi koma chonenepa, komanso zomwe soli yake imakwera pang'onopang'ono kuchokera ku zala kukafika ku chidendene, zotchedwa wedge. Zomalizazi anazitchukitsa ndi Salvatore Ferragamo wa ku Italy chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, pa nthawi imene chitsulo chabwino cholimbitsira nsapato chinkasowa m'dzikolo. Chifukwa chakuti zimaponda malo aakulu, sizititimira mu mchenga kapena kukodwa m'ming'alu ya msewu monga zimachitira za chidendene chosongoka. Akatswiri a mapazi amalangiza kuti chidendene cha nsapato yovala tsiku ndi tsiku chisapitirire masentimita 4 kapena 5.

M'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, masandasi achikopa okhala ndi lamba wa kumbuyo kwa chidendene ndiwo amathandiza. Kampani ya Birkenstock ya ku Germany, yomwe masandasi ake otchedwa Arizona anatuluka mu 1973, inatchuka chifukwa cha soli youmbidwa motsatira mmene phazi lilili, ndipo makampani ambiri akupanga zofanana nazo pa mitengo yotsikirapo.

Chigawo chino cha Africa chilinso ndi nsapato yakeyake. Velskoen, dzina la Chiafrikaans lotanthauza nsapato yachikopa, yakhala ikusokedwa kum'mwera kwa Africa kwa zaka mazana angapo, ndipo mbiri yake imalumikizidwa ndi nsapato za anthu a mtundu wa Khoisan. Kale inkadziwika ngati ya alimi, koma masiku ano ikupangidwanso ya amayi, ya mitundu yowala. Pamodzi ndi tijombo tofika mu akakolo, imateteza bwino phazi m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi.

Kugula mwanzeru

Ngakhale m'chigawochi muli mafakitale akale, monga ya Bata ku Gweru m'dziko la Zimbabwe yomwe inayamba mu 1939, amayi ambiri amagula nsapato pa misika ya zovala zogwiritsidwapo kale ntchito: kaunjika ku Malawi, salaula ku Zambia, mabhero ku Zimbabwe. Kumeneko kumapezeka nsapato zachikopa chenicheni pa mtengo wotsika, koma pamafunika maso.

Choyamba, manambala amasokoneza. Nsapato za pa mulu umodzi zimachokera m'mayiko osiyanasiyana, ndipo saizi 5 ya ku Britain imafanana pafupifupi ndi 38 ya ku Ulaya komanso 7 ya amayi ku America. Choncho nambala si yodalirika kuposa kuyesa. Chachiwiri, nsapato yovalidwapo imatenga mayendedwe a mwini wake woyamba. Ngati soli inadyeka mbali imodzi kapena kumbuyo kwake kunapendekeka, idzapendeketsanso phazi la woigula. Nsapato zoterezi ziyeneranso kutsukidwa mkati ndi kuumitsidwa bwino zisanavalidwe, popewa matenda a pakhungu.

Kaya ndi m'sitolo kapena pamsika, nthawi yabwino yoyesera nsapato ndi madzulo, chifukwa mapazi amatupa pang'ono tsiku likamapita. Wogula ayese nsapato zonse ziwiri ataimirira, poti mwa anthu ambiri phazi limodzi limakulirapo, ndipo ayende nazo pang'ono. Pakati pa chala chachitali ndi mapeto a nsapato payenera kutsala mpata wa pafupifupi sentimita imodzi. Nsapato yabwino imapindika pomwe zala zimapindikira, osati pakati, ndipo kumbuyo kwake kumakhala kolimba. Mawu a ogulitsa akuti "idzatanuka" apweteketsa ambiri: chikopa chimatanuka pang'ono m'lifupi, koma nsapato yaifupi siitalika, ndipo yapulasitiki siisintha n'komwe.

Pali magulu ena ofunika kusamala kwambiri. Amayi oyembekezera amatupa mapazi, ndipo ena saizi yawo imakula osabwereranso mwana akabadwa. Kwa odwala matenda a shuga nkhaniyi ndi yaikulu koposa. Matendawa amatha kuwononga mitsempha ya kumapazi moti munthu samva nsapato ikamamudya, ndipo kachilonda kakang'ono kosapola kamatha kufikitsa munthu podulidwa chala kapena mwendo. Achipatala amawalangiza kuvala nsapato zotakata kutsogolo, zopanda msoko wokanda mkati, ndi kupisamo dzanja asanavale.

Kusamala nsapato nakonso kumapulumutsa ndalama. Chikopa chimafuna polishi komanso nthawi youma, choncho kusinthanitsa mapeyala awiri kumachititsa kuti onse akhalitse. Nsapato yonyowa ndi mvula iumitsidwe pamthunzi itaikidwa mapepala mkati, osati pafupi ndi mbaula, chifukwa moto umaumitsa chikopa n'kuching'amba. Ndipo osoka nsapato amene amapezeka pafupifupi pa msika uliwonse amatha kuika soli kapena chidendene chatsopano pa mtengo wochepa poyerekeza ndi kugula peyala ina, bola nsapatoyo ipite kwa iwo isanadyeke mpaka kufika pa chikopa.