Zazitali, zolemera ndi zoyenda pang'onopang'ono pa njanji za ku Moatize

Mzinda wa Tete ulibe njanji. Ndi likulu la chigawo chimene chimakumba malasha ambiri kuposa china chilichonse ku Mozambique, koma milatho iwiri yowoloka Zambezi pamenepo, wa Samora Machel ndi wa Kassuende, ndi ya magalimoto basi. Njanji inathera kutsidya, ku Moatize, makilomita pafupifupi 20 kuchokera mumzindawo. Kumeneko ndiye amalumikiza sitima zazitali ndi zolemera kuposa zonse zimene zimaponda nthaka ya Malawi.

Sitima imodzi ya malasha yopita ku doko la Nacala-a-Velha imakhala ndi mabogi 120, ndipo amaikoka mainjini anayi a dizilo. Bogi lililonse limasenza matani opitirira 60, choncho ulendo umodzi wokha ndi matani oposa 7,000. Munthu ukaima pamene msewu wadutsana ndi njanji ku Neno kapena ku Balaka, mutu wa sitima umazimiririka kutsogolo mchira usanatulukire, pakuti kutalika kwake kumapitirira kilomita. Thiraki yodzaza bwino, ya mtundu umene umafola pa chipata cha Zóbuè kudikira kulowa ku Mwanza, imanyamula matani ngati 30. Katundu wa sitima imodzi atati adutse pa Zóbuè, pangafunike mathiraki 240 kapena kuposerapo.

Njanji imene sitimazi zimayendamo ndi ya makilomita 912. Ikachoka ku Moatize imadzera ku Kambulatsitsi, n'kulowa m'Malawi pa Kachaso m'boma la Chikwawa, kummwera kwa Zóbuè. Imapyola Mwanza ndi Neno mpaka pa Nkaya, kuwoloka Shire pa Liwonde, n'kubwereranso ku Mozambique pa Nayuchi, kenako Cuamba, Nampula, mpaka kunyanja. Chigawo cha Kachaso kukafika Nkaya, makilomita 136, chinamangidwa chatsopano ndi kampani ya Mota-Engil, ndipo chimangireni njanji ya Salima, Lilongwe ndi Mchinji, Malawi anali asanaonenso ntchito ya njanji yaikulu chotere. Ntchito yonse, kuphatikiza doko, inadya madola oposa 4 biliyoni, ndipo anaitsegulira mwamwambo mu Meyi 2017.

Manambala amenewa amakoma kutchula, koma amene amalamula zonse ndi wamng'ono kwambiri: njanjiyi ndi imodzi. Anaimanga kuti izinyamula matani 18 miliyoni a malasha pachaka. Mukagawa ndi katundu wa sitima imodzi mupeza kuti pafunika sitima zodzaza zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri tsiku lililonse, ndi zina zochuluka chimodzimodzi zobwerera zopanda kanthu, zonse pa mzere umodzimodziwo. Ziwiri zikamayandikizana, ina iyenera kupatukira pa njanji ya pambali n'kudikira inzake idutse, ndipo njanji ya pambaliyo iyenera kutalika kuposa sitima yonse. Imodzi ikachedwa kunyamuka ku Moatize, ina imene yafika kale ku Cuamba imakhala chiimire. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti chuma cha Moatize sichiyezedwa ndi malasha amene ali pansi, koma ndi changu chimene bogi lopanda kanthu limadzazidwira, kuyenderedwa, kulumikizidwa ndi kubwezedwa panjira.

Apa m'pamene sitima yolemera kwambiri imayenda pang'onopang'ono kwambiri. Ku mgodi njanji imazungulira n'kudzakumananso ndi pamene inachokera, kuti sitima ilowe ndi kutuluka popanda kutembenuza mainjini. Imadutsa pansi pa nkhokwe yaikulu ya malasha ikukwawa, mwakuti woyenda pansi angaipitirire, uku malasha akukhuthukira m'bogi limodzilimodzi. Woyendetsa akathamanga pang'ono, bogi limatuluka losadzaza. Likadzaza mopitirira, kulemera kwake kumavulaza njanji ndi milatho ya kutsogolo. Ku Nacala-a-Velha makina amagwira mabogi n'kuwagadabuza kuti malasha atayikire pa lamba wopita ku mulu kapena ku sitima ya panyanja.

Ntchito imene anthu a njanji ku Moatize amaitcha manobra imayamba pamene oyendera apeza bogi lovuta: gudumu lalimba, mabuleki akukana, kapena cholumikizira chang'aluka. Bogi lotere likakhala pakati pa sitima simungolichotsa ayi. Amayamba amanga mabuleki a mbali yotsala kuti isagubuduke. Munthu amalowa pakati pa mabogi awiri, kutseka mpweya, kumasula paipi ndi cholumikizira. Injini imakoka mbali ya kutsogolo mpaka itapitirira popatukira. Amatembenuza popatukirapo, injini n'kukankha chobwerera kukasiya bogi lodwala pa njanji ya pambali, kenako imatulukanso, popatukira n'kubwezedwa, injini n'kubwereranso kukagwira mbali imene inatsala. Akalumikiza, amadikira kuti mpweya udzaze paipi kuyambira kumutu mpaka kubogi lomaliza, ndipo amayesa mabuleki asanalole sitima kunyamuka. Pa nthawi yonse yokankha chobwerera woyendetsa saona kumene akupita. Maso ake ndi munthu amene ali pansi ndi wailesi ya m'manja, akumuuza kuti kwatsala mabogi atatu, awiri, limodzi, imani. Ndi ntchito ya usiku ndi usana, m'dera limene dzuwa la Okutobala limatenthetsa chitsulo mpaka kusagwirika, ndipo pa ntchito zonse za njanji ndi imene munthu amayandikira kwambiri pakati pa zitsulo ziwiri zolemera matani ambirimbiri. Pa miyambo yotsegulira njanji sindikhulupirira kuti anthu amenewa amakumbukiridwa mokwanira.

Poyerekeza ndi kunja, mabogi 120 si mapeto. Pa 21 Juni 2001 kampani ya BHP ku Australia inayendetsa sitima ya mabogi 682 a miyala ya chitsulo kupita ku Port Hedland. Inali ndi mainjini 8 omwazikana m'kati mwa sitimayo, kutalika kwake makilomita 7.3, kulemera kwake matani 99,734, woyendetsa mmodzi. Wina anganene kuti njanji yawo ndi yotakata, mamilimita 1,435, pamene yathu ndi 1,067. Koma ku South Africa, pa njanji yopapatiza ngati yathu yomweyi, ya makilomita 861 kuchokera ku Sishen kukafika ku Saldanha, anayendetsa mabogi 660 mu 1989, akhala akuyendetsa mabogi 342 tsiku ndi tsiku, ndipo mu 2019 anafika pa 375, sitima ya makilomita anayi. Chimene chimaletsa sitima kutalika si kupapatiza kwa njanji, koma zitunda, mphamvu ya milatho, ndi kutalika kwa malo opatukira ndi olumikizirapo. Malo aakulu kuposa onse padziko osankhirapo mabogi ndi Bailey Yard ku North Platte, m'chigawo cha Nebraska ku America, a kampani ya Union Pacific, otalika makilomita 13. Kumeneko amakankhira mabogi pa kamtunda n'kuwamasula kuti agubuduke okha, lililonse kulowa mzere wa kumene likupita. Moatize safuna zoterozo, chifukwa mabogi onse a sitima imodzi anyamula chinthu chimodzi ndipo akupita kumodzi.

Njanji yakale kwambiri ku Moatize si ya Nacala, ndi ya Sena, yotsikira ku Beira, makilomita pafupifupi 575. Nthambi yake inafika ku Moatize mu 1949 kuchokera ku Dona Ana, kudzatenga malasha a migodi ya pansi imene pa zaka zake zabwino sinafikepo pa matani miliyoni imodzi pachaka. Pa njanji imeneyi pali mlatho wa Dona Ana, wolumikiza Mutarara ndi Sena, wotalika mamita 3,670. Utatsegulidwa mu 1935 unali mlatho wa njanji wautali kuposa yonse mu Afirika, ndipo anaumangira makamaka katundu wa Nyasaland, amene kufikira nthawi imeneyo ankawolotsedwa pa Zambezi ndi zombo.

Njanji yomweyi inakhala chete nthawi yaitali kwambiri. Nkhondo ya pachiweniweni inaiimitsa m'zaka za m'ma 1980, mlathowo unaphwasulidwa mu 1986, ndipo mu 1995 anaukonza kuti pazidutsa magalimoto. Unabwerera kukhala wa sitima mu 2009, ndipo sitima yoyamba ya malasha a mgodi watsopano wa kampani ya Vale inatsikira ku Beira mu Ogasiti 2011. Zaka zoposa 25 malasha ali pansi, njira yowatulutsira palibe. Pa zaka za nkhondozo njanji ya Nacala nayo inatsekeka, ndipo katundu wa Malawi anakhamukira pa msewu. Zóbuè, kamene ndi kadera ka boma la Moatize lomweli koma kopanda siteshoni, kanasanduka khomo la dziko lonse la Malawi. Mathiraki ankayenda pa mdipiti wautali pakati pa Nyamapanda ndi Zóbuè moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, ndipo madalaivala achikulire a ku Blantyre amaukumbukirabe ulendo umenewo. Fetereza ndi mafuta zimene zinkabwera pa njanji yaifupi ya ku Beira zinayamba kuzungulira mpaka ku Durban, mtengo wake n'kugwera mlimi ndi wokwera basi.

Njanji ya Sena itakonzedwa inkatha kunyamula matani ngati 6 miliyoni okha pachaka, pa sitima za mabogi pafupifupi 40, ndipo makampani atatu ankalimbirana mpata womwewo: Vale, Rio Tinto ndi Jindal, amene ankatuta malasha ake pa mathiraki kuchokera ku Chirodzi kudzapakira ku Moatize. Kupanikizana kumeneku kunathandizira kugwa kwa mtengo kumene anthu a migodi padziko lonse amakusimbabe. Mu 2011 Rio Tinto inagula kampani ya Riversdale, mwini mgodi wa Benga, pa madola pafupifupi 4 biliyoni. Inkayembekezera kutsitsa malasha pa zombo mumtsinje wa Zambezi, koma boma la Mozambique linakana. Mtengo wa malasha unatsika, ndipo kunapezeka kuti malasha abwino pansipo ndi ochepa kusiyana ndi mmene ankaganizira. Mu Januwale 2013 kampaniyo inavomereza kuti yataya madola 3 biliyoni ku Tete, mkulu wake Tom Albanese n'kutula udindo, ndipo mu 2014 inagulitsa zonse kwa ICVL ya ku India pa madola 50 miliyoni. Vale nayo, itamanga njanji yakeyake ya ku Nacala ija, inagwirizana mu Disembala 2021 kugulitsa mgodi ndi njanji yomwe kwa Vulcan, ya gulu la Jindal, pa madola 270 miliyoni.

Kwa Mmalawi nkhani siili pa malasha okha. Njanji ya Nacala inasiyiranso mpata katundu wamba, ndipo mabogi a fetereza, tirigu, mafuta ndi shuga ndiwo amafunadi manobra, chifukwa lililonse lili ndi kwake: lina ku Limbe, lina ku Kanengo, lina ku Liwonde. Pa Nkaya, pamene njanji ya malasha imadutsana ndi ya Limbe kupita ku Salima, m'pamene amasankhidwa. Bogi lililonse limene lasankhidwa bwino pa Nkaya ndi thiraki imodzi kapena ziwiri zochotsedwa pa mzere wa pa Zóbuè.

Chinthu champhamvu kuposa mainjini anayi chinaoneka pa 10 Januwale 2012. Kuti mgodi wa Vale utseguke, mabanja 1,365 anasamutsidwa mu 2009 ndi 2010. Ena anapita ku 25 de Setembro m'tauni ya Moatize, alimi ambiri n'kupita ku Cateme, makilomita ngati 40 kuchokera kumsika ndi kumtsinje kumene ankadalira. Anadandaula za nyumba zong'aluka, minda yamiyala ndi kusowa kwa madzi, koma sanamveke. Tsiku limenelo anthu mazanamazana anatseka njanji, ndipo sitima ya malasha yopita ku Beira inaima mpaka apolisi atawabalalitsa ndi mphamvu, ena n'kumangidwa. Mu Epulo 2013 oumba njerwa amene mauvuni awo anagwera m'dera la mgodi anatsekanso njira pofuna chipukuta misozi chokwanira. Mu Okutobala 2018 anthu a ku Bagamoyo, amene nyumba zawo zayang'anizana ndi dzenje la mgodi, analowa n'kuimitsa makina chifukwa cha fumbi ndi kugwedezeka kwa nthaka pophulitsa miyala. Mabogi a malasha ndi osavindikira, ndipo madandaulo a fumbi amamveka m'midzi ya m'mbali mwa njanji kuyambira ku Moatize mpaka ku Nampula.